Makalata a Omvera: Alonda Atatu a mu Filimu ya Heat

Moni amayi, abambo ndi achinyamata nonse, kaya muli pakhonde ndi kawailesi kanu, kaya muli mu minibasi, kaya mukutimvera pa intaneti kunja kwa dziko. Sabata yatha ndinakupemphani kuti muonere Heat, filimu ya 1995 ya Michael Mann, ija Al Pacino ali wapolisi wofufuza milandu Vincent Hanna ndipo Robert De Niro ali mkulu wa achifwamba Neil McCauley mumzinda wa Los Angeles. Ndinkayesa muyankha ochepa poti filimuyo ndi yakale. Koma makalata adzaza tebulo, WhatsApp nayo sikupuma. Tiyeni tiyambepo.

Achimwene ena a ku Mchesi alemba mzere umodzi wokha: "Mfuti za mu filimu imeneyi zikulira ngati zenizeni." Makutu anu ali bwino, achimwene. Pa nkhondo ija ya mumsewu achifwamba atatuluka mu banki, Mann anagwiritsa ntchito phokoso lomwe linajambulidwa pamalo pomwepo, pakati pa nyumba zitalizitali za mu Los Angeles, m'malo moika lina la mu situdiyo. N'chifukwa chake limabwerera m'makoma ngati bingu.

Achemwali a ku Luwinga akufunsa ngati Pacino ndi De Niro anayamba aonekerapo limodzi kale. Onse awiri anali mu The Godfather Part II ya 1974, koma sanakumanemo chifukwa ankasewera nthawi zosiyana za nkhaniyo. Kukhala patebulo limodzi, maso ndi maso, kunayambira mu Heat, pamene wapolisi aitanira wachifwamba khofi.

Bambo ena a ku Mponela akuti anagona filimu isanafike pakati. Bambo, ngati munadyera nsima ya kondowole, mlandu si wa Michael Mann. Kayambireninso masana.

Tsopano ndikupempheni kuti muchepetse zokamba pang'ono, chifukwa kalata iyi ndaiwerenga katatu ndisanabwere muno. Yachokera kwa mayi ena a ku Chilomoni. Apempha kuti ndisatchule dzina lawo, ndipo sinditchula. Akuti:

"Bambo muulutsi, amuna anga ndi mlonda wa m'galimoto zonyamula ndalama za mabanki. Yunifolomu yawo ndimasita ndine, 4 koloko m'mawa, ndi simbi ya makala. Akatuluka ndimamvetsera nsapato zawo mpaka zitasiya kumveka pa msewu. Loweruka tinaonera filimu yanuyo kwa aneba, m'chipinda munadzaza anyamata. Pomwe galimoto yonyamula ndalama inagundidwa n'kugudubuzika, onse anakuwa ndi kuomba m'manja. Alonda atatu ataphedwa, wina anati, 'Amenewotu ndi madolo.' Mwana wanga wa zaka 12 anaomba nawo m'manja. Bambo ake anadzuka mwakachetechete, n'kukakhala panja pa njerwa mpaka filimu inatha. Sananene kanthu, ngakhale usiku. Ine funso langa ndi ili: alonda atatu aja analibe akazi? Analibe ana? Bwanji aliyense akulira wakubayo atafa kumapeto, koma iwowa palibe akuwakumbuka?"

Mayi anga, zikomo. Ndikuuzeni zoona. Pa makalata onse ali patsogolo pangawa, ndi inu nokha mwatchula alonda amenewa. Ena onse akukamba za suti ya De Niro, za kukuwa kwa Pacino, za momwe Val Kilmer amasinthira zipolopolo mwachangu. Nditawerenga kalata yanu ndinabwerera pachiyambi pa filimu kukaonanso malo amenewo, ndipo ndikufuna omvera awaone monga ndinawaonera ine ulendo uno.

Achifwamba aja agunda galimotoyo ndi chigalimoto chachikulu chokokera zinzake, aphulitsa chitseko chakumbuyo, atulutsa alonda atatu n'kuwaimika pamzere. Alondawo aima njenjenje, magazi akutuluka m'makutu chifukwa cha bomba lija. Waingro, munthu yemwe gululo langomutenga kumene, akukalipira mmodzi wa iwo, ndipo mnzake akumuuza kuti awasiye, anthuwa sakumva, makutu awo aphulika. Mlondayo wangoima, akumuyang'ana. Sanalakwe chilichonse. Waingro amuwombera. Wachiwiri ayesa kusolola mfuti, naye agwa. Tsopano watsala wachitatu, wopanda chida m'manja. Uyu ndiye ndikufuna mumukumbukire. Saphedwa ndi Waingro wamisala uja ayi. Aphedwa McCauley atavomereza ndi mutu, kuti pasatsale mboni. McCauley yemweyo amene mukumutcha dolo, wofatsa, wodziwa ntchito yake, wa suti yotuwa uja. Zomwe anabera tsiku limenelo ndi mapepala a ndalama okwana madola 1.6 miliyoni.

Choncho, mayi, filimuyo sinabise. Inaika magazi a m'makutu aja poyera kuti tione. Amene tinatembenuza nkhope ndife oonera. Tinazolowera kuyambira kale m'mavidiyo a pamsika kuti pali akitala, ndipo ena onse ndi udzu woti akitala apondepo. Mlonda akagwa timangoti wachepa mmodzi, ngati tikuwerenga zigoli. Koma kuno kwathu mlonda tikumudziwa. Ndi amalume athu amene amapalasa njinga madzulo kupita kukagona pageti la munthu wina, atanyamula kabotolo ka tiyi ndi chikoti. Ndi amuna anu, mayi, amene amakhala pa mulu wa ndalama zomwe sadzazigwira pa moyo wawo wonse, malipiro awo osafika pa 20 ya mwezi.

Ndipo poti ena mwa anyamata aja mwina akumvera, ndikuuzeni komwe nkhaniyi inachokera. Neil McCauley analikodi, dzina lomweli. Anali wachifwamba wa ku Chicago, ndipo anakhalako kundende ya Alcatraz. Wapolisi amene ankamusaka, Chuck Adamson, anamwadi naye khofi tsiku lina, ndipo ndi iyeyu anadzafotokozera Mann nkhaniyi. McCauley weniweniyo anawomberedwa ndi apolisi mu 1964 atangoba pa sitolo ya zakudya. Sanafere pafupi ndi ndege usiku, nyimbo ikulira, wapolisi atamugwira dzanja monga mu filimu. Fote yake inakwanira pa golosale.

Chinanso. Filimuyi itatuluka, pasanathe zaka ziwiri, pa 28 February 1997, amuna awiri, Larry Phillips ndi Emil Matasareanu, analowa mu Bank of America ku North Hollywood mu Los Angeles momwemo, atavala zotchinga zipolopolo, atanyamula mfuti zankhondo. Anawomberana ndi apolisi kwa mphindi 44, dziko lonse likuonera pa TV. Mfuti za apolisi zinachepa mphamvu mpaka ena anathamangira ku sitolo ya mfuti kukabwereka zazikulu. Apolisi ndi anthu wamba ambiri anavulala, ndipo achifwamba onse awiri anafera pomwepo. Anthu ambiri nthawi imeneyo anayerekeza tsikulo ndi Heat. Amene anabisala kuseri kwa magalimoto tsiku limenelo sanaombe m'manja.

Za mwana wanu, mayi, musamukalipire, ndipo musamumenye. Waomba m'manja chifukwa akuluakulu m'chipindamo anaomba. Pempho langa likupita kwa amuna anu. Bambo, ngati mukumva, ndikudziwa kuti abambo ambiri zikatipweteka timatuluka panja n'kukhala chete. Koma mwanayo sanamve chomwe kukhala chete kwanu kunanena. Tsiku lina mukapuma, khalani naye awiri, muikenso chiyambi cha filimuyo, muimitse pomwe alonda aima pamzere, mumuuze kuti ntchito yanga ndi imeneyi, mpando wanga ndi uwu. Ine ndikukhulupirira kuti mwana wa zaka 12 amva. Ndipo mayi, mudzatilemberenso, tidzamve kuti zinatha bwanji.

Tipume pang'ono... Eya, tipitirize.

Pali dandaulo lomwe labwera m'makalata ambiri, kuchokera ku Kasungu, ku Balaka, ku Chipata, ngakhale ku Tete. Onse akuti filimuyi yatalika, nkhani za mabanja zachuluka, kuwombera n'kochepa. Mnyamata wina wa ku Bangwe wanena mosabisa kuti iye amadumpha malo onse olankhula n'kungoonera pa banki pokha. Wina akuyamikira DJ wa kwawo womasulira mafilimu m'Chichewa kuti anadula "zopanda ntchito".

Ana anga, ndikudzudzuleni pang'ono, mwachikondi. Inde, filimuyi ndi ya mphindi pafupifupi 170. Koma zomwe mukudulazo ndiye ndiwo zake. Mukadumpha, simumuona Donald Breedan, amene Dennis Haysbert anasewera. Munthu wangotuluka kundende, akufunitsitsa kusintha, mkazi wake akumulimbikitsa. Apeza ntchito yophika pa lesitilanti, koma bwana wake akumudula gawo la malipiro n'kumuopseza kuti akadandaula amubwezetsa kundende. Tsiku lina McCauley alowa, akusowa dalaivala, ndipo Breedan avomera mosachedwa, ataya epuloni. Tsiku lomwelo afera pa chiwongolero, ndipo mkazi wake amvera pa TV. Ndani wa ife sadziwa mnyamata wotuluka ku Maula kapena ku Chichiri amene mudzi wonse wamukana ganyu? Inu mabwana olemba anthu ntchito, malo amenewa akukamba za inu, ndiye musamawadumphe.

Mukadumpha simuonanso kuti wapolisi Hanna ali pa banja lachitatu, ndipo nalonso likutha chifukwa kunyumba amangobwera ngati mlendo. Simuona mwana wa mkazi wake, amene Natalie Portman anasewera ali wamng'ono, akusowa womumvera mpaka kufuna kudzichotsa moyo. Simuona McCauley akukhala m'nyumba yokongola ya m'mbali mwa nyanja yopanda mipando, chifukwa lamulo lake ndi lakuti asakhale ndi chilichonse chomwe sangachisiye m'masekondi 30 apolisi akayandikira. Ndipo analitsatiradi: anamusiya Eady m'galimoto pakhomo pa hotela, mkazi yekhayo amene anamukonda, osanena ngakhale tsalani bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama za mu banki zija, madola 12.2 miliyoni, pa anayi amene anapita kukazitenga anapulumuka ndi mmodzi yekha, Chris, amene Val Kilmer anasewera, ali ndi bala la chipolopolo, mkazi ndi mwana atawasiya.

Khalidwe lodumphali ndikuliona paliponse masiku ano. Uthenga wa amayi ako wa pa WhatsApp ukapitirira mphindi imodzi sukuumvera. Kumaliro tikufuna abusa afupikitse kuti tikagwire mpira. Mkazi akayamba kufotokoza zomwe zikumuvuta, mwamuna maso ali pa foni. Ndiye tikudabwa kuti mwana akuona munthu akuphedwa n'kuseka? Nanunso eni ake a mavidiyo m'misika, filimu iyi ku America anaiika m'gulu la R, kutanthauza kuti si ya ana okha popanda wamkulu. Mwana wa yunifolomu ya pulayimale akabwera ndi kandalama kake pakhomo, mubwezeni. Simusauka nazo.

Basi, ndalalikira mokwanira, abusa angandilande ntchito anthu.

Bambo ena opuma ntchito ya upolisi ku Zomba alemba kuti Hanna analakwa kuyambitsa nkhondo pamsewu wodzaza anthu, ndipo mnzake Bosko anafa chifukwa cha changu chimenecho. Bwana, ine sindikutsutsani, inu ndi amene munavalapo yunifolomu. Ndingowonjezera kuti uthenga unawapeza mochedwa, achifwamba ali kale m'kati, ndipo woyamba kuwombera anali Chris. Koma pomwe Cheritto, mmodzi wa achifwambawo, ananyamula kamtsikana kuti adzitchinjirize, Hanna n'kuwombera kamwanako kali m'manja, pamenepo mtima wanga unaima ngati wanu.

Achimwene athu a ku Johannesburg akuti iwo sangathe kuonera chiyambi cha filimuyi, chifukwa kumeneko kuphulitsa galimoto zonyamula ndalama ndi nkhani ya pamsewu, ndipo tsiku lina anagona pansi mu takisi zipolopolo zikudutsa. Pepani kwambiri, achimwene, ndipo muziyenda mosamala. Kalata ya mayi a ku Chilomoni ija ndikhulupirira yakufikani pamtima kuposa tonsefe.

Mtsikana wina wa ku Namiwawa akufunsa ngati Den of Thieves ya 2018, ya Gerard Butler ndi 50 Cent, ikuposa Heat. Ayi, mwanawe. Ndi yokoma, koma ndi mdzukulu.

Agogo ena a ku Ntcheu sanaonere filimuyo n'komwe, angofuna kupereka moni kwa adzukulu awo ku Lilongwe. Moniwo wafika, agogo.

Nthawi yatithera, makalata ena tidzawerenga sabata yamawa. Nyimbo ikubwerayi ndikuipereka kwa bambo aja a ku Chilomoni, ndi kwa alonda nonse amene mukumangirira nsapato muno madzulo kupita kuntchito. Mufike bwino, ndipo mubwereko bwino m'mawa.