Muskrat si mwana wa beaver, ndipo lero tikonza bodzali

Muli bwanji nonse amene mwatsegula vidiyoyi? Taonani kanyama kakusambira pakati pa mabangoka, mutu wokha uli pamwamba, mchira ukupinda uku ndi uku. Ameneyu ndi muskrat. Ubweya wake unamuchotsa kwawo n'kukamufikitsa ku Ulaya, komwe mpaka lero akuvutitsa anthu. Musathawe msanga, chifukwa pa mfundo yachitatu pali nkhani imene yandikwana.

Choyamba, mwachangu. Kwawo ndi ku Canada ndi ku United States, m'madambo ndi m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono. Kulemera kwake sikupitirira kwenikweni makilogalamu 2. Amadya mizu ndi mapesi a zomera za m'madzi, nthawi zina nkhanu ndi achule. Amatha kukhala pansi pa madzi pafupifupi mphindi 15, ndipo milomo yake imatseka kuseri kwa mano akutsogolo, moti amatafuna ali m'madzi osamwa madziwo. Mawu akuti musk m'dzinalo amanena za fungo lamphamvu limene amasiya posonyeza malire a dera lake. Amene munakulira kudambo, ganizani za ntchenzi, ngakhale si pachibale.

Chachiwiri, ubweya. Uli m'magawo awiri: wakunja wautali ndi wonyezimira, wamkati wothinana umene umasunga mpweya kuti khungu lisanyowe. Umu ndi mmenenso alili beaver (nyama ya m'madzi yomanga madamu ndi mitengo), mink (kanyama kodya nyama koswana ndi katumbu) ndi katumbu wathu yemwe. Ubweya wotere ndi umene unalemeretsa kampani ya Hudson's Bay, yogula ubweya ku Canada, yomwe inayamba mu 1670. Poyamba ankafuna wa beaver wopangira zipewa. Wa muskrat ankaumeta, kuunyika mu utoto wakuda n'kumaugulitsa pa dzina lakuti Hudson seal, ngati kuti ndi wa nyama ya m'nyanja. Apolisi a ku Canada aja ovala zofiira, chipewa chawo cha nyengo yozizira chinatchuka chifukwa ndi cha ubweya wa muskrat.

Ngati mwafika apa, dinani kachala koloza m'mwambako. Sikulipira kanthu, koma kumathandiza kuti vidiyoyi ifike kwa ena.

Tsopano chachitatu. Khalani pansi bwinobwino. Paliponse pamene chithunzi cha muskrat chaikidwa pa Facebook, pamapezeka wina wolemba kuti, "Ameneyo ndi mwana wa beaver." Ayi, abale anga. Ayi ndithu! Zimenezi zili ngati kuloza gwape n'kunena kuti ndi mwana wa njati.

Yambani ndi mchira. Wa beaver ndi wotakata, wophwatalala ngati nkhafi yogonekedwa pansi, ndipo akaona mdani amamenya nawo madzi kuti phwaa, kuchenjeza anzake. Mwana wa beaver amabadwa ali nawo kale mchira wotakatawo. Sumera pambuyo pake, ayi. Wa muskrat ndi wautali, wowonda, wopanikizika m'mbali, ndipo posambira umayenda ngati njoka. Mukaona mchira ukuvinavina kumbuyo, musafunsenso munthu.

Kenako kukula. Beaver wamkulu amafika makilogalamu 20, ena kupitirira apo. Muskrat ngakhale akalambe chotani, amakathera pa awiri aja.

Ntchito yawonso ndi yosiyana. Beaver amagwetsa mitengo ndi mano ake ofiirira, omwe ali ndi ayironi, n'kutseka mtsinje. Muskrat sagwetsa mtengo, samanga damu. Iye amaunjika mabango ndi matope kukhala kachulu, kapena amakumba una m'mphepete mwa mtsinje, khomo lake lili pansi pa madzi. Ndiye wina andiuze kuti akakula adzayamba kudula mitengo? Zosatheka.

Nanga chisokonezochi chimachokera kuti? Apa ndi pamene nkhaniyi imandikomera. M'nyengo ya chisanu, muskrat nthawi zina amalowa m'nyumba ya beaver n'kumakhala momwemo, eni nyumba osamuthamangitsa. Munthu akaona kanyama kakang'ono kakutuluka m'nyumba ya beaver, basi wagamula kuti ndi mwana. Koma uja ndi mlendo chabe. Kugona nyumba imodzi si ubale.

Ndipo inu amene mukulemba kale kuti "ndiye ndi khoswe basi", dikirani. Mawu akuti rat ali m'dzinamo, inde, koma khoswe wa m'nkhokwe ali m'banja lina. Abale enieni a muskrat ndi tinyama tooneka ngati mbewa totchedwa vole ndi lemming. Mabanja atatu osiyana: la beaver, la khoswe, la muskrat. Tumizani vidiyoyi pa gulu lanu la WhatsApp kwa uja amakonda kutsutsa.

Chachinayi, Ulaya. Mu 1905 munthu wina wa banja lachifumu, Colloredo-Mansfeld, anamasula amuskrat ochepa pamalo ake pafupi ndi mzinda wa Prague, womwe lero ndi likulu la Czech Republic. Kanyamaka kamaswa kawiri kapena katatu pachaka, bere lake ndi la mwezi umodzi wokha, ana asanu ndi mmodzi kapena kuposa. Werengerani nokha. Ena anathawa m'mafamu a ubweya m'mayiko ena, ndipo posakhalitsa anadzaza mitsinje. Ku Britain anawatha onse m'zaka za m'ma 1930. Koma ku Netherlands, kumene dera lalikulu lili pansi kuposa nyanja, una umodzi pa chipupa chotchinga madzi ukhoza kuika mudzi wonse pangozi. N'chifukwa chake kuli anthu olembedwa ntchito yowatchera chaka chonse. Chimene chimandiwawa n'chakuti kanyamako sikanapemphe ulendowo. Anthu ofuna makhoti ndi amene anakanyamula.

Chachisanu, amadyedwa. Akatolika ena a kufupi ndi Detroit, ku Michigan, ali ndi mwambo wakale wodya muskrat m'nyengo ya Lenti.

Ndiuzeni m'munsimu, inu odya mbewa ndi ntchenzi, muskrat mungamulawe? Sabata yamawa tikamba za mink, ndi chimene chinachititsa dziko la Denmark kulamula mu 2020 kuti onse a m'mafamu, pafupifupi 17 miliyoni, aphedwe. Dinani subscribe ndi kabelu kaja kuti isakupiteni.