Chifukwa chake radar imavutika kusiyanitsa droni ndi khwangwala

Zikomo amfumu, azibambo ndi azimayi nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Ambiri mwa inu munaonapo timandege tija topanda munthu m'kati, totchedwa madroni, timene anyamata amajambulira maukwati. Ena munamva za ku Kasungu, kumene mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula dera loyeserako madroni onyamula mankhwala ndi magazi okayezetsa. Funso la lero ndi lakuti: kanthu kotere kakalowa pamalo oletsedwa, monga pabwalo la ndege, alonda amakadziwa bwanji?

Tiyambe ndi mleme. Umauluka mumdima osagunda mtengo chifukwa umalira, kenako n'kumvetsera mawu ake akamabwerera. Radar imachitanso chimodzimodzi, koma iyo imaponya mafunde a wailesi. Mafundewo amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Chinthu chikakhala pa mtunda wa kilomita imodzi ndi theka, amapita n'kubwerako m'kagawo kamodzi mwa magawo 100,000 a sekondi. Makina amawerenga kanthawi kameneko n'kudziwa mtunda umene chinthucho chili.

Ndege yaikulu ndi chimphona chachitsulo, mafunde amabwerera ambiri. Droni ndi pulasitiki, kukula kwake ngati mbale ya nsima, ndipo imauluka m'munsi, pafupi ndi mitengo ndi malata a nyumba, zimene nazonso zimabweza mafunde. Koma vuto lenileni si kuchepako ayi. Radar yamphamvu imatha kuona ngakhale njiwa. Tangoganizani munthu wolondolera ndege, pagalasi lake padzaze akhwangwala, akakowa ndi anamzeze onse a m'deralo. Angagwire ntchito? Ndiye akatswiri anaikonza kuti chilichonse chaching'ono, choyenda pang'onopang'ono kapena choima malo amodzi, izichitaya. Mwaonatu pamene pagona nkhani. Sefa imene anaikira mbalame ndi yomweyo imene droni imadutsiramo.

Mu December 2018, bwalo la ndege la Gatwick, kum'mwera kwa London, linatsekedwa kwa maola oposa 30 anthu atanena kuti aona droni pafupi ndi msewu wa ndege. Maulendo pafupifupi 1,000 anasokonekera, anthu pafupifupi 140,000 anavutika, Khirisimasi ili pakhomo. Mpaka asilikali anabwera ndi zida zawo. Palibe amene anapezeka wolakwa kukhoti. Dziko lolemera limenelo, amayi!

Nanga amasiyanitsa bwanji masiku ano? Mukaima m'mbali mwa msewu njinga yamoto ikubwera, kulira kwake kumamveka kokwera, ikangokudutsani kumatsika. Injini sinasinthe, chasintha ndi mmene mawu akukufikirani. Anafotokoza zimenezi ndi Christian Doppler wa ku Austria mu 1842, ndipo mafunde a wailesi amateronso. Tsono droni ili ndi timapiko, nthawi zambiri tinayi, tozungulira ngati fani maulendo masauzande pa mphindi. Pa kanthawi kalikonse nsonga ina ya phiko ikubwera kwa radar, ina ikuthawa. Mafunde obwerera amakhala ndi kunjenjemera kwakekwake. Khwangwala amakupiza kangapo pa sekondi, nthawi zina n'kungotambasula mapiko. Droni singatero. Ngakhale itaima njii m'mwamba, timapiko sitingapume, tikapuma yagwa. Ndiye kompyuta imayang'ana kunjenjemerako, osati kukula kwa chinthucho.

Bambo uko afunsa kuti kodi basi, nkhani yatha? Ayi bambo. Kunjenjemera kumeneku n'kofooka, kumaoneka bwino droni ikayandikira, makilomita ochepa chabe. Nyumba kapena phiri zikatchinga, radar siiona. N'chifukwa chake amaiphatikiza ndi zida zina: makamera, ena oona kutentha usiku, zomvetsera phokoso lija longa la njuchi, komanso zotchera khutu ku wailesi imene droni imalankhulirana ndi woiyendetsa. Chomalizachi ine ndimachikonda kwambiri, chifukwa nthawi zina chimaloza pamene waima munthuyo, ndipo wofunika kumupeza ndi iyeyo.

Komatu nachonso achipezera njira. Ku nkhondo ya ku Ukraine akuulutsa madroni okoka kachingwe kopyapyala ngati ulusi, kamene malamulo ndi zithunzi zimadutsamo, wailesi osagwiritsa ntchito n'komwe. Wotchera khutu samva kalikonse. Pamenepo amabwereranso kwa radar, makamera ndi maso a alonda.

Mayi mwakweza dzanja kalekale, funsani.