"Ndikubwera" si dzina la malo: zimene mayi wina anayankhula pabwalo la mfumu kufupi ndi Lizulu

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu nonse, azibambo, amayi anzanga. Atsikana mwakhala kumbuyoko senderani kuno, nkhaniyi ndi yanu kwambiri.

Chatisonkhanitsa tonse tikuchidziwa. Lero ndi tsiku lachinayi mwana wathu uja osaoneka. Dzina sinditchula, makolo ake ali pompano ndipo mitima yawo yalemedwa kale. Anyamata ayenda m'madimba ndi m'mbali mwa mtsinje, apolisi nawo akugwira ntchito yawo. Ine andipempha kuti ndilankhule ndi amayi za kudzisamalira pamene kufufuzaku kukupitirira.

Ndiyambe ndi chimene chinandiwawa. Titapita kukanena ku polisi anatifunsa kuti anachoka nthawi yanji, anati akupita kuti, ndipo anavala chiyani. Tinangoyang'anizana. Wina akuti chitenje chobiriwira, wina akuti ayi, siketi yakuda. Chithunzi tinapeza chimodzi chokha, cha pa chiphaso cha unzika, nkhope yosaoneka bwino. Sindikunyoza banjali, ikanakhala nyumba yanga zikanatero basi. Tonsefe timatuluka ndi mawu amodzi: "Ndikubwera." Amayi, "ndikubwera" si dzina la malo. Nenani kuti ndikupita kuchigayo, ndidzera kwa achemwali, ndibwera dzuwa lisanalowe. Ngati simufuna kuuza bambo a kunyumba, uzani mnansi kapena mwana wamkulu. Ndipo lero lomwe, amene muli ndi foni zojambula, jambulanani pamasana nkhope zioneke.

Tsopano za kabaza. Ambiri mwa anyamatawa ndi ana athu ndipo amatithandiza, koma tsiku la msika kumabwera njinga zamoto zachilendo, zina zopanda nambala. Mwagulitsa kachewere kapena tomato, ndalama zili pamfundo ya chitenje, kwada, mukufulumira. Kwerani amene mukumudziwa, kapena amene anzake pa siteji akumudziwa dzina. Musanakwere imbani foni iye akumva: "Ndakwera kwa uje, ndikufika posachedwa." Akasiya njira n'kunena kuti akudziwa yachidule, tsikani pomwe pali anthu. Ndalamazo bola muziike pa Mpamba kapena Airtel Money musanachoke pamsika. Foni ikhale ndi moto. M'mawa isiyeni pa okala itchajidwe mukamagulitsa.

Musaiwalenso kumene tikukhala. Pa Lizulu pano ukangowoloka msewu wa M1 wafika ku Mozambique. Ife tinazolowera, timakagula zinthu, tili ndi abale kumeneko. Koma wapolisi wa Malawi sangangowoloka n'kuyamba kufufuza m'dziko la eni, amayenera kugwirizana kaye ndi anzake a uko, ndipo nthawi imapita. Choncho kuwoloka nokha madzulo, kapena kuitanidwa ndi munthu kuti tikakumane tsidya, kanani.

Atsikana, apa mverani. Sikuti aliyense wosowa amachita kugwidwa kuthengo. Ena amatengedwa ndi mawu okoma. Munthu akukulemberani pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti kuli ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe, ku Joni, ngakhale ku Oman, thiransipoti alipira yekha, koma musauze aliyense. Mawu oti "musauze aliyense" amenewo ndiye msampha wake. Munamva za amayi a ku Malawi kuno amene anavutika ku Oman atalandidwa mapasipoti. Dziko lino lili ndi lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu, ndipo amene amakopa mtsikanayo nayenso ndi wolakwa, ngakhale akhale azakhali ake.

Chinanso chimene sitikonda kuchinena pagulu: nthawi zambiri woopseza mayi ndi munthu womudziwa, mwamuna wake kapena chibwenzi chimene chinatha. Wina akakuuzani kuti "ndidzakupha" kapena akumakutsatirani, musati ndi mowa chabe. Pitani ku polisi, ku ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Lamulo la 2006 lothana ndi nkhanza za m'banja limalola khoti kumuletsa munthuyo kukuyandikirani. Manambala awa muwasunge pamtima: 997 apolisi, 5600 nkhanza kwa amayi, 116 za ana. Bwerezani. Eya, 5600.

Azibambo, ndamva ena akunena kuti mtsikanayo mwina wangothawa ndi mwamuna, abwera yekha. Mawu amenewo ndi amene amachedwetsa mabanja. Anthu amagona usiku umodzi, uwiri, kuopa manyazi, pamene galimoto imene yanyamuka pano madzulo m'mawa imakhala itadutsa Mwanza. Kuda kukagwa munthu osaoneka, foni osagwira, dziwitsani a mfumu ndi apolisi a m'mudzi usiku womwewo. Akapezeka ali kwa anzake tidzaseka, palibe chaonongeka. Ndipo akapezeka wavulazidwa, ndisamve wina akufunsa kuti amakatani kumeneko.

Za mphekesera ndinene mwachidule. Mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu anaphedwa chifukwa cha nkhani za anamapopa. Muli ndi amene mukumuganizira, kanong'onezeni wapolisi, osati kutenga zikwanje.

Mawa tikumana pano 6 koloko m'mawa. Amayi opita kunkhuni ndi kumadzi sabata ino muziyenda atatu atatu. Amene munamuona mwanayu pa tsiku la msika lija, ngakhale munangomuona akudutsa, tsalirani pang'ono tilembe zimene munaona. A Gulupu, ndabweza mawu kwa inu.