Siteshoni ya Muizenberg: wotchi ya 1913, sitima za buluu ndi mchenga wosatha

Abale anga a ku Capricorn, Vrygrond, Retreat ndi Masiphumelele kuno ku Cape Town, moni nonse. Sabata ino mphepo ya kumwera chakum'mawa yavutanso, mchenga wakwirira njanji kupitirira Fish Hoek, ndipo ambiri mwafika mochedwa kuntchito. Ena akuti sitima zatsopanozi n'zachabe. Ayi ndithu, vuto si sitima. Tiyeni tiyambire pa Muizenberg pomwe ambirife timakwerera.

Njanji imeneyi ndi yakale kwambiri. Inafika ku Wynberg mu 1864, pa Muizenberg mu 1882, ku Kalk Bay mu 1883, kenako ku Simon's Town mu 1890. Nyumba ya siteshoni ya Muizenberg, ya njerwa zofiira ija, yokhala ndi nsanja ya wotchi yamatabwa, inatsegulidwa mu 1913, nthawi imene anthu olemera ankachokera ku Johannesburg kudzasamba m'nyanja kuno. Pa nthawi ya tsankho, munthu wakuda anali ndi mabogi akeake, ndipo gombe lili pansi pa pulatifomu lija silinali lake. Lero mnyamata wa ku Mangochi amatsika pomwepo atanyamula chikwama cha zipangizo, palibe womuloza chala. Zimenezo osazipeputsa.

Tsono mchenga uja. Kuchokera m'tauni mpaka Fish Hoek njanji ndi ziwiri, yopita ndi yobwera. Kupitirira apo ndi imodzi yokha, ndipo cha ku Glencairn imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa mchenga. Mphepo ikaomba masiku angapo, mchenga umadzaza pakati pa zitsulo, umatseka pokhotetsera njanji, magudumu sangagwire bwino. Pamafunika anthu ndi makina kuti aufosholole, mawa lake wabwereranso. N'chifukwa chake sitima zimathera pa Fish Hoek. Inu ogwira ntchito ku Simon's Town, mukaona mphepo yayamba madzulo, konzeranitu ndalama ya takisi. Bwana sadzamva za mchenga, adzangodula ola lake.

Mdani wina ndi mchere. Pakati pa Muizenberg ndi St James mafunde amamenya khoma la njanji, nthunzi ya mchere n'kumadya mapolo ndi nthambo za m'mwamba. Dzimbiri la kuno silichedwa. Magetsi anafika pa njanjiyi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, poyamba mavoti 1,500, pambuyo pake anakweza kufika 3,000. Mavoti 3,000, achimwene! Nthambo ikaduka n'kulendewera, musayandikire ngakhale pang'ono.

Koma chimene chinapha njanji kwenikweni ndi akuba mkuwa. Mu 2020, dziko litatsekedwa chifukwa cha Covid, nthambo zinazulidwa m'malo ambiri, ndipo ku Langa ndi ku Philippi anthu anamanga zisakasa pa njanji penipeni. Nthambo ya zizindikiro zouza sitima kuima kapena kudutsa ikabedwa, woyendetsa sangadutse mpaka atalandira chilolezo kuchokera kwa oyang'anira, ndiye sitima imaima pakati pa Steenberg ndi Lakeside popanda chooneka. Wina akakutsatsani waya wa mkuwa wotchipa, kanani. Wayayo ndi amene amachedwetsa mlongo wanu kuntchito, ndipo apolisi akakugwira nayo iwe mlendo, nkhani imathera pa mapepala ako okhalira m'dziko muno.

Sitima za buluu zija amazipangira ku Dunnottar, pafupi ndi Nigel, kampani ya Gibela. Iliyonse ili ndi mabogi 6, makamera ndi mpweya wozizira. Zitseko zimatseka zokha, ndipo chitseko chikapanda kutseka sitima sinyamuka. Ndiye inu okonda kutsekereza chitseko ndi phazi podikira mnzanu, mukuchedwetsa anthu onse. Siziphokosera ngati zachikasu zakale zija, choncho pa siteshoni ya False Bay ndi pa Muizenberg musadutse njanji mutavala mahedifoni. Gulani tikiti ya sabata kapena ya mwezi, muzisunga mpaka mutatuluka pageti.

Pali china chimene chimandikhudza mtima. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizi ndi mamilimita 1,067, wofanana ndendende ndi wa njanji ya kwathu yodutsa pa Limbe, Balaka ndi Salima. Kwathu sitima ya anthu ndi yodikira masiku, kuno ambiri tinazolowera kudandaula ikachedwa mphindi makumi awiri.

Amene mukudziwa mmene zilili ku Glencairn mawa m'mawa, tumizani uthenga pa gulu lathu la WhatsApp isanakwane 5 koloko, kuti oyamba ntchito 7 koloko adziwe pokwerera.