Windows, macOS Kapena Linux: Iti Ingakuyenereni?

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikambirana za operating system, pulogalamu yaikulu imene imadzuka koyamba mukayatsa kompyuta, imenenso mapulogalamu ena onse amakhalapo ngati nyumba pa maziko ake.

Anthu ambiri amafunsa kuti yabwino koposa ndi iti, koma funso limene lingakuthandizeni ndi lakuti, kodi kompyutayo izikugwirirani ntchito yanji, nanga makina amene muli nawo ali ndi mphamvu zotani?

Tiyambe ndi Windows ya kampani ya Microsoft, imene ambirife tinaphunzirira kutaipa. Ubwino wake ndi wakuti pafupifupi pulogalamu iliyonse ya mu ofesi imayendapo, ndipo ikavuta, wokonza simumusowa. Koma pali nkhani imene wogulitsa laputopu zogwiritsidwa kale ntchito sangayambe yekha kukuuzani. Pa 14 Okutobala 2025, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, kupatula kwa amene analembetsa ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi. Kompyutayo iziyakabe, inde, koma mipata imene akuba a pa intaneti angapeze sidzatsekedwanso. Windows 11 nayo simalandira makina alionse: imafuna RAM (memore imene kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) yosachepera 4GB, malo osungira okwana 64GB, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiponso purosesa (ubongo wa kompyuta) yatsopanoko, imene ikakhala ya kampani ya Intel iyenera kukhala ya m'badwo wa 8 kapena kuposera apo. Musanapereke ndalama, onani nambala ya purosesayo. Ikakhala Core i5-8250U, nambala 8 yoyambirira pambuyo pa kamzereyo ikusonyeza m'badwo wa 8, kutanthauza kuti ili bwino, koma ikakhala i5-7200U, dziwani kuti Windows 11 siivomereza mwalamulo, ngakhale wogulitsayo ataikakamiza kuti ilowe.

Za macOS sitichedwapo. Imabwera ndi makompyuta a Apple okha, ndipo okonza mavidiyo ndi nyimbo amaikonda, makamaka kuyambira 2020 pamene Apple inatulutsa purosesa ya M1 yosadya batire. Mtengo wake ndi wokwera, zipangizo zake zikawonongeka n'zovuta kupeza. ChromeOS ya Google ndi yopepuka, koma ntchito zake zambiri zimadalira intaneti, choncho amene amawerengera bandulo aganize kawiri.

Tsopano tifike pa Linux, imene ine ndimaona kuti anthu amaiopa popanda chifukwa. Inayambitsidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds, ali wophunzira pa yunivesite ku Helsinki m'dziko la Finland, ndipo ngati muli ndi foni ya Android, ndiye kuti mtima wa Linux muli nawo kale m'thumba. Ndi yaulere ndipo ilipo yamitundumitundu. Wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, ndipo dzina lakelo ndi mawu omwe aja amene ife timati umunthu. Zaka ziwiri zilizonse, m'mwezi wa Epulo, amatulutsa mtundu wotchedwa LTS umene amausamalira kwa zaka 5. Kwa wozolowera Windows ndingasankhe Linux Mint, chifukwa maonekedwe ake si achilendo, ndipo mtundu wake wopepuka wotchedwa Xfce umathamanga bwino pa laputopu yakale imene Windows 11 yaikana.

Malire ake alipo ndithu. Photoshop, AutoCAD ndi Microsoft Office yoika pa kompyuta sanazikonzere Linux, ndipo ngakhale LibreOffice, pulogalamu yaulere ya mu ofesi, imatsegula mafailo a Word ndi Excel, nthawi zina kalembedwe ka chikalata kamasokonekera. Ngati mumapezera ndalama pa mapulogalamu amenewa, musasamuke. Ngati ntchito yanu ndi kulemba, kuwerenga, kutumiza maimelo kapena kuphunzira kupanga mapulogalamu, ikani Linux Mint pa fulashi ya 8GB, muyatsire kompyuta kuchokera pamenepo osafufuta chilichonse, kenako muyese Wi-Fi, mawu ndi pulinta yanu. Zonse zikayenda, koperani kaye mafailo anu pamalo ena musanaiike zenizeni.