Kompyuta ya magemu pa ndalama zochepa: tiyambire pati?

Moni nonse. Kuno ku Chipata kwatentha, ndiye mukamva fani ikulira kumbuyoku, pepani, sindiizimitsa. Lero ndikuyankha funso limene mwandifunsa kambirimbiri: ndasunga kandalama pang'ono, ndikufuna kompyuta ya magemu, ndigule ziti?

Musanatchule chipangizo chilichonse, ndiuzeni kaye gemu yake. Ndi EA Sports FC, imene tonse timaitchulabe FIFA ngakhale dzina linasintha mu 2023? Ndi GTA V? Fortnite? Nanga skirini yanu ndi yotani? Ambirife tili ndi ya 1080p, ndipo ndi mwayi umenewo, chifukwa 1080p sifuna zipangizo zodula.

[Akunyamula khadi]

Ndalama zambiri zipite apa, pa graphics card, khadi imene imajambula zithunzi za gemu pa skirini. Iyi ndi RX 6600 ya AMD, inatuluka mu 2021, ili ndi memory ya 8GB ndipo imadya mawatsi 132 okha. Pa 1080p imakoka magemu ambiri popanda kudukiza. Thumba likakana, pali GTX 1660 Super ya Nvidia ya mu 2019, ya 6GB. Likakana kwambiri, pali gogo wathu RX 580 ya 8GB, ya mu 2017. Ikadalimbabe, koma imadya mawatsi 185 ndipo imatentha. Makhadi a 4GB ine sindikuwalimbikitsanso kwa munthu amene akumanga kompyuta yatsopano, magemu a masiku ano amawadzaza msanga.

Tikambe zoona, ambiri mugula khadi ya salaula. Si tchimo. Koma dziwani kumene ena mwa makhadiwa akuchokera. Mu Seputembala 2022 ndalama ya pa intaneti ija ya Ethereum inasiya kukumbidwa ndi makhadi, ndipo amene ankakumba anawathira pamsika. Ena anagwira ntchito usana ndi usiku zaka zingapo. Khadi yotero ikhoza kukhala yabwinobwino, koma mafani ake atopa. Palinso ina yolembedwa RX 580 2048SP. Dzina ndi la 580, mphamvu ndi za mng'ono wake, RX 570.

Ine ndinapsapo. Ndinatumiza ndalama pafoni kwa munthu wina ku Lusaka, katundu anabwera pabasi, bokosi lonyezimira lolembedwa GTX 1050 Ti. M'kati munali khadi yakalekale imene anangoisintha dzina. Nambala yake ya foni siinalowenso. Ndiye inu, khadi muione ikugwira ntchito. Wogulitsa atsegule pulogalamu ya GPU-Z, imene imaonetsa mtundu wa khadi, ndi yaulere, kenako ayatse gemu kwa theka la ola. Muone ngati mafani onse akuzungulira, ngati skirini sikuchita madonthomadontho, ngati kompyuta sikuzima yokha. Akakana, nyamukani. Ngati ali ku Lusaka, tumani m'bale wanu akaone ndi maso.

Purosesa tsopano, ubongo wa kompyuta. Amene munalimapo ndi ng'ombe ku Katete kapena ku Petauke mukudziwa: mukamanga nkhunzi ndi kamwana pagoli limodzi, ngolo imayenda paliwiro la kamwanako. Khadi ndi purosesa ndi chimodzimodzi. Koma musapitirirenso muyeso. Ryzen 5 5600 ya AMD, ya makoo 6 (tizigawo togwira ntchito m'kati mwa purosesa), imakwana bwinobwino ndi makhadi onse ndatchulawa, ndipo yam'bokosi imabwera ndi fani yakeyake. Kumbali ya Intel kuli Core i3-12100F ya makoo 4. Musainyoze poona i3, pa magemu imathamanga. Chilembo F chija chikutanthauza kuti yokha sionetsa chithunzi, ndipo 5600 nayonso ndi yotero. Popanda khadi, skirini ndi mdima. Ngati khadi mudzagula mukagulitsa soya, tengani Ryzen 5 5600G. Imeneyo imaonetsa yokha, ndipo magemu opepuka monga Valorant mumasewera mukudikira.

Motherboard, bodi yaikulu imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, iyenera kugwirizana ndi purosesa, apa palibe zokambirana. Ryzen 5600 imakhala pa soketi ya AM4, ndiye mufuna motherboard ya B450, A520 kapena B550. Intel ija imakhala pa LGA1700, monga H610 kapena B660. Msampha uli pa B450: inatuluka Ryzen 5000 isanabadwe, ndipo ngati BIOS yake, kapulogalamu ka mu motherboard kodzutsa kompyuta, ndi yakale, kompyuta siidzuka. Funsani wogulitsa ngati anaikamo BIOS yatsopano. Anthu abwezapo purosesa yabwinobwino chifukwa cha kanthu kameneka.

RAM, memory imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka, ikhale 16GB ya DDR4, liwiro 3200, ndipo timitengo tiwiri ta 8GB, osati kamodzi ka 16GB. Amayi awiri akamasinja mumtondo umodzi, wina akukweza musi wina akutsitsa, mphale imakonoka msanga. Ndi zimene amati dual channel. Mukamaliza kumanga, lowani mu BIOS muyatse XMP, apo ayi RAM yanu iziyenda pang'onopang'ono kuposa zimene munalipira. DDR5 silowa pamalo a DDR4, musakankhe. Mabodi ena a Intel ndi a DDR5, ndiye werengani pabokosi.

Posungira zinthu, SSD ya NVMe. 500GB ndi poyambira, 1TB ngati mungathe, chifukwa gemu ya EA Sports FC 24 yokha imafuna malo a 100GB.

[Akuika mabokosi awiri achitsulo patebulo]

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Ili ndi power supply, bokosi logawira magetsi ku zipangizo zonse. Palibe amene amaijambula n'kuika pa Facebook, ndiye anyamata amagula kesi ya galasi yamagetsi ofiira ndi obiriwira, power supply n'kutenga yopanda dzina imene yabwera ndi kesiyo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Tanyamulani ziwirizi. Zonse zalembedwa mawatsi 500, koma iyi ndi yopepuka ngati chitini chopanda kanthu. Yotereyi ikafa kawirikawiri siifa yokha, imapita ndi motherboard, mwinanso khadi imene munaisungira ndalama chaka chathunthu.

Pa makina amene tikumangawa, mawatsi 550 akwana. Funani yolembedwa 80 Plus Bronze ya kampani yodziwika, monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master. Chizindikiro cha Bronze chimangonena kuti siitaya magetsi ambiri posanduka kutentha, si lonjezo loti singapse, n'chifukwa chake dzina la kampani likufunikabe. Onaninso kuti ili ndi nthambo ya mapini 8 yopita ku khadi. Ndipo ichi chokha, akuluakulu, musagule salaula.

Ndikulimbikira chifukwa tonse tikukumbukira 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, mmene malaiti ankapitira tsiku lonse n'kubwera pakati pa usiku. Nthawi yoopsa kwa kompyuta ndi pamene malaiti akubwerera. Mu bajeti yanu muikemo surge protector, yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo ngati n'kotheka ka UPS, kabokosi ka batire. Ka UPS si kopitirizira mpira mpaka theka lachiwiri, ndi kokupatsani mphindi zochepa kuti muzimitse bwino. Amene muli ndi sola, invata ikhale ya pure sine wave. Mvula ikayamba kugunda mu Novembala, zulani pulagi kukhoma, mphezi sisankha.

Kesi ikhale yotchipa, bola kutsogolo kuli timabowo tolowera mphepo ndi sefa ya fumbi. Fumbi la mu Okutobala mukulidziwa. Musaiike pansi, ikwezeni patebulo.

Kotsala ndi njira yachidule imene ena amandifunsa: kugula kompyuta yakale ya mu ofesi, Dell OptiPlex kapena HP, n'kuikamo khadi. Zimatheka ndi GTX 1650 yaifupi, imene siipitirira mawatsi 75 ndipo imamwa magetsi pa motherboard pomwepo. Vuto n'lakuti ambiri mwa makinawa ali ndi mapulagi akeake, ndiye power supply simungangoisintha. Purosesa yake ikhalenso ya m'badwo wa 8 kupita m'mwamba, i5-8500 mwachitsanzo, chifukwa Windows 11 siivomereza zakale kuposa apo, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Mu vidiyo yotsatira tidzamanga makinawa limodzi patebulo lomweli. Bwerani ndi sikuludiraiva ya nyenyezi, ndipo mabokosi ndi malisiti musataye mpaka kompyuta itadzuka.