Ndabwera kumudzi ndi chitsulo m'kamwa: za opaleshoni yanga ya nsagwada ku Joni

Moni abale anga nonse amene mumamvetsera pulogalamu ino, kaya muli ku Joni, ku Cape Town, ku Durban kapena kuno kumudzi. Lero sindikulankhula kuchokera m'kachipinda kanga ka ku Johannesburg, koma ndili pakhonde la amayi anga kuno ku Thyolo, kufupi ndi Makwasa. Mukamva mawu anga akutuluka mosiyana ndi mmene munawazolowerera, dziwani kuti m'kamwa mwanga muli chitsulo chimene chagwira zitsakano mbali zonse ziwiri. Ndinakhala chete nthawi yaitali chifukwa ndinachitidwa opaleshoni yokulitsa nsagwada yam'mwamba, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha, popeza mauthenga amene mwakhala mukunditumizira pa WhatsApp akusonyeza kuti ena munamva zoti ndinamenyedwa ndi achifwamba, ena zoti ndinachita ngozi ya pamsewu. Zonsezo si zoona. Ndinalowa m'chipinda cha opaleshoni ndi miyendo yanga, nditasaina ndekha mapepala.

Ndafika sabata ino pa basi. Za pa Beitbridge, za pa Nyamapanda ndi za pa Zobue sindizifotokoza, chifukwa aliyense amene anadutsapo njira imeneyi amadziwa mmene munthu amaimira pamzere dzuwa likuswa mtengo. Chimene chinali chachilendo ulendo uno ndi chakudya. Anzanga ankatsika kukagula nkhuku ndi tchipisi, fungo lake n'kudzaza basi yonse, pamene ine ndinali ndi botolo la mahewu ndi la chambiko basi. Tikaima paliponse ndinkathamangira kumene kuli mpopi, nditatenga jekeseni wopanda singano amene anandipatsa kuchipatala, n'kumapopera madzi pakati pa chitsulo ndi nyama ya m'kamwa kuti zotsalira za chakudya zichoke, chifukwa zikangokhalitsa pamenepo zimayamba kununkha ndipo usinini umatupa. Titawoloka mlatho wa Zambezi pa Tete, nkhope yanga inali ikulemera chifukwa cha kutentha ndi kugwedezeka kwa basi, koma mtima unali utafika kale kwathu.

Ambiri mwafunsa kuti ndinkadwala chiyani, popeza munkandiona ndikuyenda bwinobwino. Kuyambira ndili mwana, mano anga am'mwamba chakumbuyo ankagwera m'kati mwa mano am'munsi m'malo mowakuta, chifukwa nsagwada yam'mwamba inali yopapatiza. Ndinkatafunira mbali imodzi, ndinkadziluma tsaya pafupipafupi, usiku ndinkapumira m'kamwa n'kudzuka kukhosi kutauma, ndipo m'zaka zapitazi mano ena anayamba kuperepeseka ndi kuwawa. Madokotala a pachipatala china chophunzitsira madokotala a mano anandifotokozera kuti fupa la kumwamba kwa m'kamwa ndi mafupa awiri olumikizana pakati. Mwa mwana, polumikizirapo pamakhala pasanalimbe, monga mmene liwombo la khanda limakhalira lisanatseke, choncho chitsulo chokha chimakwanira kukankha mafupawo pang'onopang'ono popanda mpeni. Munthu akamatha zaka zachinyamata, polumikizirapo pamakhala patagwirana kwambiri, ndipo kwa munthu wamkulu ngati ine dokotala amayenera kudula fupa pamwamba pa mizu ya mano mbali zonse ziwiri, komanso pakati pa mano awiri akutsogolo, kuti chitsulo chithe kugwira ntchito. Opaleshoni imeneyi amaitchula mwachidule kuti SARPE. Amakugonetsa ndi mankhwala, ndipo zonse amachitira m'kati mwa m'kamwa, choncho pankhope sipatsala chipsera.

Apa ndi pamene nkhani ya abwana anga ikubwera, ndipo ndikaikumbukira mtima umandiwawa kuposa nsagwada. Ndagwira ntchito yolandira alendo panyumba yawo yogona alendo kwa zaka zambiri, osaba ngakhale sopo mmodzi. Ndinawauza za opaleshoniyi miyezi ingapo isanachitike, ndipo anavomera akumwetulira. Koma malipiro atabwera ndinapeza kuti andidula masiku onse amene ndinali chigonere, ndipo nditafunsa anandiyankha kuti zimene ndinachitazo ndi zodzikongoletsa, osati matenda. Nditabwerera kuntchito anandichotsa polandirira alendo n'kundiponya kochapira, ati alendo sangamve zimene ndikulankhula komanso mpata wa mano anga ukuwachititsa manyazi. Kodi munthu amene wakhala akudziluma tsaya mpaka kutuluka magazi kuyambira ali ku pulayimale akufuna kukongola? Chithandizo chokulitsa nsagwada si fashoni ya dzulo ayi, chifukwa dokotala wa mano wa ku America, Emerson Angell, anachifotokoza kale mu 1860.

Anzanga a ku Joni, mvetserani bwino pamenepa, chifukwa ambiri a ife timangoti bola ntchito ilipo, n'kumeza chilichonse chimene bwana watichitira. Lamulo la ku South Africa la mu 1997, lotchedwa Basic Conditions of Employment Act, limanena kuti pa miyezi 36 iliyonse wantchito ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala cholipidwa chofanana ndi masiku amene amagwira ntchito pa masabata 6. Kwa munthu wogwira masiku 5 pa sabata, amenewo ndi masiku 30. Ukajomba kupitirira masiku 2 otsatizana, bwana ali ndi ufulu wofuna kalata ya dokotala, ndipo ine kalatayo ndinali nayo, yadidindo. Kuyambira mu 2019, bungwe la CCMA, limene limathetsa mikangano ya pakati pa antchito ndi mabwana awo, limamvanso madandaulo a antchito a malipiro ochepa amene sanapatsidwe ndalama zawo. Ndipo kwa inu amene mapepala anu sali bwino, dziwani kuti mu 2008 khoti loona za ntchito la dzikolo linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chinatha amaonedwabe ngati wantchito pamaso pa lamulo. Musalole munthu akuuzeni kuti Mmalawi alibe poyankhulira. Chimene bwana wavomera pakamwa, m'pempheni achilembe, ngakhale pa foni, chifukwa mawu a pakamwa amakanidwa tsiku limene ndalama zikufunika kutuluka. Ife timadziwika dziko lonselo kuti ndife anthu olimbikira ndi okhulupirika, ndipo mbiri imeneyi ndimainyadira, koma kufatsa kwathu kusakhale chifukwa chotidyera masuku pamutu. Ine dandaulo langa ndinakalipereka ku CCMA, ndipo ndidzaima pamaso pawo ndi chitsulo changa chomwechi.

Ndibwerere ku ululu, chifukwa ndi umene mayi wina wa ku Durban anandifunsa mwachindunji, poti nayenso madokotala amuuza zofanana. Achemwali, ndikuuzeni zoona: ululu wa pamene anadula sunali waukulu monga ndinkaopera, chifukwa mitsempha ya pansi pa maso imene imapatsa mlomo wam'mwamba ndi masaya mphamvu yomva kukhudza imachita dzanzi ikasokonezedwa. Chimene chinandizunza ndi kutupa ndi kutsekeka kwa mphuno. Kutupa kumafika pachimake pakatha maola 48 mpaka 72, ndipo nthawi imeneyo maso anga anachepa, mlomo unalemera, kukhosi kunkapweteka chifukwa cha chubu chopumira chimene anaika ndili mtulo. M'mphuno munali magazi ouma, kamfuno ankabwera pang'onopang'ono, koma anandiletsa kumina kwa masabata angapo, chifukwa podula fupa amatsegula timphako ta mpweya ta m'masaya, ndipo ukamina mwamphamvu ungakankhire mpweya ndi tizilombo m'bala. Kuyetsemula kukabwera, umayenera kuyasamula pakamwa. Ndinkagona chokhala, nditatsamira mapilo, n'kumamvetsera magalimoto a mumsewu mpaka kucha, ndipo usiku umenewo ndi pamene ndinkalakalaka amayi anga kuposa nthawi ina iliyonse chichokereni kumudzi.

Dzanzi lili ndi mavuto akeake. Phala linkatsikira pachibwano ine osamva, mpaka wina andiuze kuti ndipukute. Patapita masabata mlomo unayamba kunyerenyesa, ndipo dokotala anati chimenecho ndi chizindikiro chakuti mitsempha ikudzuka, ngakhale kuti kwa ena zimatenga miyezi. Mpaka lero usinini wa pamwamba pa mano akutsogolo sunayambe kumva bwinobwino. Pa mankhwala, ndinkamwa Panado ndi ibuprofen pa nthawi imene anandilembera, osadikira kuti ululu uyambe wakula, ndipo mankhwala opha tizilombo ndinawamaliza onse. Ndikudziwa kuti ambiri a ife timakonda Grand-Pa mutu ukangowawa, koma muli aspirin m'menemo, amene amachititsa magazi kuchedwa kuundana, choncho musamwe musanafunse dokotala wanu. Fodya ndiye musamuyandikire n'komwe. Magazi akapanda kusiya, thupi likatentha, kutupa kukayambiranso kutachepa kale, kapena dzino lakutsogolo likayamba kuda, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ntchito yeniyeni imayamba patapita masiku pafupifupi 5 mpaka 7 chichitikireni opaleshoni, pamene amakuuza kuti uyambe kupotokola chitsulo. Pakati pake pali kabowo kolowetsamo kiyi, ndipo ukaikankhira chakukhosi kamodzi, nsagwada imatanuka ndi 0.25 ya milimita, kutanthauza kuti kupotokola ka 4 ndiye milimita imodzi. Kuchita wekha n'kovuta, chifukwa kabowoko sukaona. Amene anandithandiza ndi achemwali ena a ku Chitakale ku Mulanje, amene timakhala mpanda umodzi. Ankabwera m'mawa asanapite kuntchito ndi madzulo akaweruka, ine n'kugona chagada pabedi nditayasamula, iwo atagwira tochi ya foni kudzanja lina, kiyi atamangirira ulusi padzanja kuti isagwere kukhosi. Akakankha, ndinkamva kupanikizika pakati pa mano akutsogolo, kukwera pamphuno mpaka pakati pa maso, misozi n'kulengeza yokha, kenaka pakapita mphindi zochepa n'kuzizira. Akatero ankalemba m'kope, chifukwa dokotala amafuna kudziwa kuti mwapotokola kangati. Tsiku lililonse mpata wa mano unkakula, mpaka nsonga ya lilime inayamba kudutsapo. Zimenezi zimaopsa ukadziyang'ana pagalasi, koma ndi umboni wakuti mafupa alekanadi, ndipo mano amayamba okha kubwererana kupotokola kukatha, kotsalako n'kudzamalizidwa ndi mawaya.

Mayi wa ku Chitakale ameneyu si m'bale wanga wa magazi, ndipo tisanakumane ku Joni sitinkadziwana, ngakhale kuti kwathu ndi kwawo timaona phiri limodzi. Koma ndi iye amene ankandiphikira phala la nsinjiro, kundipondera mbatata ndi mapeyala, kuwiritsa dzungu mpaka kusungunuka, n'kukhala pambali panga kuonetsetsa kuti ndamaliza. Kwa masabata pafupifupi 6 munthu saloledwa kutafuna zolimba, ndipo thupi limatsika msanga ngati palibe wokukakamiza kudya. Ndiye inu amene mukuganiza za opaleshoni yotereyi muli kunja, funso loyamba lisakhale la ndalama zokha. Dzifunseni kuti ndani adzakutengeni kuchipatala, ndani adzagwire kiyi, ndani adzakuphikireni, ndipo lendi idzachokera kuti mwezi umene simukugwira ntchito. Uzaninso abale kumudzi pasadakhale kuti ndalama zidzayamba zaima, chifukwa palibe chopweteka ngati kulandira foni yokumbutsa za feteleza ndi fizi pamene iwe ukulephera ngakhale kutchula dzina lako.

Ndabwera kuno dokotala atandilola, kupotokola kutatha. Chitsulo chikhalabe m'kamwa miyezi pafupifupi 4 mpaka 6 kuti fupa latsopano limere pampata umene watseguka, chifukwa chikachotsedwa msanga nsagwada ingabwerere mwakale. Minibasi itaima pa Bvumbwe, fungo la chimanga chootcha linandipeza pawindo, ndipo ndinangoyang'ana kumbali. Amayi atandiona analira, poganiza kuti ndinawabisira ngozi, koma anganga anandigwira chibwano, n'kundiyang'anitsitsa, n'kunena kuti mpata wotere kale anthu ankausirira. Tsopano ndikudya nsima yofewa ya ufa woyera ndi therere, chipere cha nandolo ndi nthochi zakupsa za kuseri kwa nyumba, ndipo mphamvu zikubwerera. Chiperoni chikagwa nkhope imawawa pang'ono, koma ndayamba kugona pakamwa patatseka, mpweya ukudutsa m'mphuno, chinthu chimene sindinkachidziwa chibadwire.

Dzulo ndinakhala ndi ana a achimwene anga, ndipo ndinaona kuti mmodzi, wa zaka 9, amakhala chiyasamulire ndipo mano ake akumbuyo akugwera m'kati mofanana ndi mmene anga ankachitira. Kuno kwathu timapita kwa dokotala wa mano pokhapokha dzino likafuna kuzulidwa, ndipo dziko lathu layamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019, ku College of Medicine imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Ndawauza achimwene kuti sabata yamawa tipite naye mwanayu ku Blantyre akamuone, chifukwa pamsinkhu wake chitsulo chokha chingathe kuchita zimene kwa ine zafuna mpeni. Ndikachoka kumeneko ndidzayamba kukonzekera ulendo wobwerera ku Joni, kumene dokotala akundidikira kuti aone mmene fupa likumerera, komanso kumene nkhani yanga ndi abwana ikuyembekeza tsiku lake. Achemwali a ku Durban, nditumizireninso uthenga mukapatsidwa tsiku la opaleshoni, kuti tikambirane za amene adzakugwirireni kiyi. Tsalani bwino nonse.